Tsiku Limene Ndinabisa a Mwalwimba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, amene anali mlonda pa kachipatala kena kufupi ndi Ngara. Anandilemba kuti ndizikolopa, koma mwezi usanathe ndinali nditayamba kutsuka mabala. M'mawa ndinkawiritsa sizasi ndi zopanira thonje pa pulaimasi, kusungunula mchere m'madzi ofunda, ndi kuchapa mabandeji akale poti atsopano kunalibe.

Lachiwiri lililonse kunkabwera a Mwalwimba, mlimi wa mpunga. Kalekale chitsa chinawabaya pamsongolo, ndipo pamenepo panamera zinthu ngati njerewere, zolimba, zoyabwa, zomwe zinayanga mpaka kuphazi. Bwana wathu a Kachingwe, othandizira dokotala ochokera kuchigawo chapakati, sankayandikira n'komwe. "Paka mankhwala a jivi, umange, azipita," ankatero. Koma ine ndinkaona kuti pakati pake pasanduka chilonda chotukuka m'mbali, chotuluka magazi ukangochikhudza.

Tsiku lina kunkabwera akuluakulu a chipani limodzi ndi dokotala wa kuboma. A Mwalwimba anali atakhala kale pabenchi. Bwana anandiitana.

"Awa achotse. Alendo akamva fungo la chilondachi, tonse ntchito yatha."

"Bwana, bwanji adokotala awaone mwendowu?"

"Ukuti boma likulephera kuchiza anthu? Nena bwino ndimve."

Masiku amenewo funso lotere linkatha kumulowetsa munthu m'ndende. Ndinawagwira mkono bambo aja n'kukawatsekera m'shedi ya nkhuni. Anangoti, "Yewo, mwana wane," kundithokoza poyesa kuti ndawapezera mthunzi. Amayi a chipani anavina, alendo anayamikira ukhondo wathu, dokotala anaona odwala malungo atatu, galimoto n'kunyamuka.

Patapita miyezi ingapo, abale awo a Mwalwimba anawatengera okha kuchipatala chachikulu. Kumeneko anati anali matenda a pakhungu otchedwa fangasi, ochizika akagwidwa msanga, koma chifukwa chokhalitsa anali atasanduka khansa. Anawadula mwendo, komabe mpunga wa chaka chimenecho sanaudye.

A Kachingwe atamva za malirowo anati, "Anthu akuno amachedwa kubwera kuchipatala." Kuchedwa! Munthu amene ndinamumanga mwendo zaka ziwiri osadumphitsa sabata!

Mpaka lero mtima umandipsa, ndi a Kachingwewo komanso ndi manja angawa amene anakoka chitseko chija. Ntchitoyi ndinakalamba nayo, ndipo kuyambira pamenepo chilonda chikakana kupola, mwini wake ndinkamutenga ndekha n'kukamuimika pamaso pa dokotala, bwana afune asafune.