Makalata Anga Anathera pa Msika wa Mtendere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ukwati wa atate ndi amayi unatha. Tinkakhala ku Mtendere, kuseri kwa msika, m'nyumba yomwe inkanunkha girizi chifukwa atate anali makanika. Amayi anapita ku Livingstone, komwe anapeza ntchito yoyala mabedi pamalo ogona alendo. Ine ndinatsala ndi atate, ndipo iwo analetsa abale a amayi kuponda pakhomo pathu. Ngakhale zoimba foni anakana.

Ankhoswe ndi akulu a mpingo atakhala pansi, anagamula kuti amayi aziloledwa kundilembera. Atate anavomera mosavuta, mwakuti anthu anawatama kuti ndi munthu womva. Loweruka lotsatira ananditengera kwa ba Mulenga, amene anali ndi kashopu ka makompyuta pamsika, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa makala. Awiriwo anayamba anong'onezana pakhomo, kenako ba Mulenga ananditsegulira imelo pa kompyuta ya pakona.

"Iyi ndiye yako, Taonga," anatero. "Uzinkala chabe apa. Ukasegulila kwina, vonse vizasoba."

Ndinawakhulupirira. Loweruka lililonse ndinkakhala pa mpando wothyoka uja, fungo la chinangwa chootcha likulowa pawindo, n'kumawerenga mawu a amayi. Ankandiuza za alendo osiya chakudya m'mbale, ankafunsa ngati ndikuopabe agalu. Ine ndinkayankha ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndikadina potumizira, kalata inkachoka pagalasi, ndipo ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Tsiku limene ndinakula, ndilibe munthu wamkazi womuuza, ndinalembera amayi.

Koma amayi sankayankha zimene ndawauza. Ankafunsa za sukulu zomwe ndinali nditafotokoza kale, ndipo za kukula kwanga sananenepo kanthu. Ndinayamba kukwiya. Ndinkati mayi wanji ameneyu, wongolankhula yekha osamva mwana. Makalata awo nawo anayamba kufupika. Ina inangoti, "Taonga, ninakulakwila chani? Olo liu limozi chabe."

Yomaliza inabwera m'nyengo yozizira. "Mwana wanga, nadwala maningi. Ngati ufuna kuniona, lemba chabe ati inde, ba Esinati bazabwela kukutenga olo batate bako bakalipe. Ngati sufuna, nizamvesa." Ba Esinati anali akulu awo a amayi. Ndinalemba kuti inde. Sabata yotsatira ndinalembanso, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkaima pokwerera mabasi, kuyang'ana aliyense wotsika. Sanabwere munthu. Chimene chinabwera ndi uthenga wa maliro, kudzera kumpingo.

Kumaliroko ba Esinati sanandikumbatire. Anandiyang'ana nati, "Amako banafa bafunsa ngati wayanka. Ndiwe wouma mutima iwe." Ndinalumbira kuti ndinalemba, koma palibe anandimvera.

Patapita zaka ziwiri, ndili ku sekondale, aphunzitsi a makompyuta anatifotokozera kuti imelo ili ndi njira ziwiri, yolandirira ndi yotumizira, ndipo ngati yotumizira sinalumikizidwe, kalata imangokhala m'bokosi lodikirira. Nditaweruka ndinathamangira kwa ba Mulenga. Kompyuta ya pakona inali ikadalipo, yachita fumbi. Ndinatsegula bokosi lija, ndipo makalata anga onse anali momwemo, kuyambira moni woyamba mpaka inde wanga uja, atandandalika ngati anthu a pamzere wa madzi.

Ba Mulenga anayang'ana pansi. "Batate bako ndiye banakamba. Ati bakulu banalamula kuti amako bazikulembela, sibanakambe vakuti iwe uziyanka. Ine nenze chabe kusebenza."

Kunyumba atate sanakane. Anapitiriza kupukuta manja ndi chinsanza, n'kunena kuti ankaopa kuti amayi angandinyengerere ndithawe. Sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe.

Tsopano ndili ndi ana anga, ndipo chimene ndinatolapo n'chowawa. Munthu akakhala chete, ndisanamuweruze ndimanyamuka n'kukamuona ndi maso, chifukwa mwina pali wina amene wamutsekera khomo. Amayi anakhulupirira chete wanga, ine ndinakhulupirira galasi, ndipo mwamuna amene anthu ankamutama uja anatipha nazo tonse awiri popanda kuphwanya lamulo la akulu.

Atate akalamba. Akadali ku Mtendere, ndipo masiku ano amandilembera pa foni kuti miyendo ikuwapweteka, kuti akufuna kuona adzukulu. Ndimawerenga zonse. Foni yanga ilibe vuto, imatumiza bwinobwino. Nthawi zambiri ndimangoiika pansi, ndipo sindinyadira zimenezo. Koma chete amene atate akumumva panopa ndi wangadi, pomwe chete amene amayi anapita naye kumanda uja sanali wanga.