Chisomo wa Akapitawo

Fungo la fodya m'chigafa muno landikumbutsa ubwana wanga. Makolo anga anachoka ku Mulanje kudzakhala matenanti pa esiteti ino ya ku Nsaru. Chaka chilichonse ankati tibwerera kwathu, koma tinkangoyambanso nazale.

Lamulungu lina abusa analalikira kuti munthu sadzipulumutsa yekha, amapulumutsidwa ndi chisomo. Ndinasangalala, poti Chisomo ndinkamudziwa: mwana wa akapitawo, mnzanga wa phada.

Nditamupeza pachitsime ndinamugwira mkono. "Iwe, tipulumutse tizipita kwathu!"

Analira n'kuthawa. Amayi anandikoka khutu. "Si ameneyo, mwana iwe! Winayo saoneka, amabwera Mulungu akafuna."

Chisomo uja anakwatiwa m'tauni kalekale. Ine imvi zandimerera m'chigafa chomwechi, ndikusoka fodya, kudikira winayo.