Khadi Losang'ambika la a Zilibwino

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anayamba kudula nzimbe ku Dwangwa. Ndinali ndisanathe msinkhu, mwina zaka khumi, kaya kuposerapo, poti ife akale zaka sitinkawerenga. Tinkakhala kufupi ndi nyanja ya Chia, ine, amayi ndi ang'ono anga awiri. Bambo ankabwera pakutha pa mwezi atalandira, ndiye masiku onse apakatiwa mchere, sopo ndi palafini tinkatenga pangongole kugolosale ya a Bwanali.

A Bwanali anali Msilamu wamtali, wowonda, wosaseka. Aliyense wotenga pangongole ankamupatsa khadi lodula ku katoni ya sopo, ndipo chilichonse watenga ankalemba pamenepo. Lamulo lawo linali limodzi: mwezi ukatha, ubweze zonse. Osati theka, osati zotsalazo mawa. Koma sankaonjezerapo ngakhale tambala, ankati chiwongoladzanja ndi haramu, choletsedwa m'chipembedzo chawo. Ukalipira, ankagwira khadi lija ndi manja awiri n'kuling'amba pamaso pako, kweee! Kenaka n'kukupatsa latsopano loyera. Ine phokoso limenelo linkandiopsa, moti ndinkabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi.

Mwezi wina bambo anadzitema ndi chikwanje pamwendo, malipiro n'kubwera operewera. Pa zochepazo tinaguliranso makhadi a chipani, poti wopanda khadi masiku amenewo mumsika sankalowa, ngakhale basi sankakwera. Amayi anapita kwa a Bwanali ndi zotsala.

"Amake Esinati, izi sizikukwana," anatero a Bwanali.

"Bambo ake avulala. Mwezi wamawa tidzamalizitsa."

"Pepani ndi ngoziyo. Koma khadi langa siligona mwezi wina. Malizani ili, ndiye tikambe za latsopano."

Pakhomo panali azimayi ogula, onse makutu ali tcheru. Amayi anatuluka nkhope ili pansi. Tsiku lomwelo anagulitsa nkhuku ziwiri, n'kukalipira, n'kulumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pamenepo.

Nthawi imeneyo kumsewu kunali kutatsegulidwa golosale ina yopaka utoto wabuluu, wailesi ikulira tsiku lonse. Mwini wake anthu anangomutcha a Zilibwino, chifukwa mawuwa sankachoka pakamwa pawo. Munthu wonenepa, wansangala, mwana aliyense wolowa ankatuluka ndi switi m'tsaya.

"Ngongole si ndende, mlongo wanga," anawauza amayi. "Mwezi ukatha mungopereka kangachepe, zotsalazo zigone. Kamwamba pang'ono kokha kaziwonjezekera. Zili bwino."

Kamwamba kaja amayi anakamva ndithu, koma kanamveka kakang'ono ngati dzina lake.

Anthuni, tinasangalala. Tinayamba kumwa tiyi wamkaka ngati kwa aphunzitsi. Ine anandigulira diresi lamaluwa ndi nsapato zapulasitiki zofiira. Mwezi ukatha amayi ankapereka kangachepe kaja, a Zilibwino n'kuseka, n'kulemba, khadi n'kulibwezera m'kabati. Silinkang'ambidwa. Litadzaza, anatenga singano ndi ulusi n'kusokererapo lina kumunsi kwake. Linadzazanso, n'kusokereranso. Ine ndinkaona ngati chinthu chokongola.

Dzinja linapita, mpunga n'kuyamba kucha. M'mawa wina ndikuyanika chinangwa chovuula pathandala, ndinaona a Zilibwino akutsika panjinga pakhomo pathu. Amayi anawayalira mphasa. Iwo anatulutsa makhadi aja m'thumba n'kuwatambasula, atasanduka chinthu chachitali ngati lamba.

"Ngongoleyi yakula, mlongo wanga."

"Yakula bwanji? Mwezi uliwonse ndimapereka."

"Mumapereka kamwamba kaja, nakonso osamaliza. Kotsalako kamakalowa m'ngongole, nako n'kubereka kake. Ngongole yeniyeniyo simunaikhudze."

Ankalankhula akumwetulira, ndipo ndalama imene anatchula inaposa malipiro a bambo a miyezi ingapo. Amayi anangogwira pakamwa. Kenaka a Zilibwino anandikodola.

"Esinati, tabwera kuno."

Anandigwira mkono n'kuufinya ngati mmene amayesera mbuzi pamsika. Chikhatho chawo chinali chofunda, chonunkhira sopo.

"Wamphamvu uyu. Mlamu wanga ku Lilongwe akufuna mtsikana wantchito. Azikagwira kumeneko, malipiro ake azidula ngongoleyi. Lole yanga ya katundu ikudutsa Loweruka. Zili bwino."

Tonse tinkadziwa za Tereza, mtsikana wa kutsidya kwa Chia, amene anakwera lole yomweyo pa nkhani ngati yomweyi. Zokolola zinali zitapita kawiri, amayi ake osamva ngakhale moni. Ngongole yake inali isanathebe.

Masiku otsatirawo sindinadye. Ndikangomva injini kumsewu, miyendo inkandithawitsa yokha kukagwera m'munda wa chinangwa, n'kugona chafufumimba nyerere zikundiyenda m'khosi. Tsiku lina ndinakafika mpaka kubango, kumene amayi ankatiletsa chifukwa cha ng'ona, ndipo ndinaima m'madzi ofika m'mawondo ndikuganiza kuti ng'ona ndi lole, chabwino n'chiti. Bambo atalandira uthenga anabwera akutsimphina, koma anangokhala pakhonde mutu uli m'manja. Akanakadandaula kwa yani? A Zilibwino ankamwera tiyi limodzi ndi apampando a chipani m'dera lathu, ndipo masiku amenewo munthu wolongolola sankachedwa kutchedwa woukira.

Lachisanu m'mawa amayi anandigwira dzanja. Ndinayamba kulira poyesa kuti akukandipereka, koma pamphambano anakhotera kwa a Bwanali. Analowa, n'kugwada pasimenti, n'kufotokoza zonse osabisa. A Bwanali anamvetsera osaphethira. Anandiyang'ana ine, nsapato zanga zofiira, diresi langa lamaluwa litang'ambika m'chinangwa muja.

"Dzukani, amake Esinati, ine si Mulungu," anatero. "Ndalamazo ndikupatsani. Koma mukundidziwa. Mwezi uno ukatha ndikufuna zonse."

"Zonse, a Bwanali? Mwezi umodzi?"

"Zonse. Mpunga wanu wacha, njinga kunyumba ilipo. Zipweteka kamodzi. Ndipo kwa a Zilibwinoko musakasiyeko ngongole ngakhale ya tambala, makhadiwo mukatenge."

Tinapita kugolosale yabuluu. Amayi atathira ndalama patebulo, ndinaona koyamba nkhope ya a Zilibwino yopanda kumwetulira.

"Mukudzivutitsiranji, mlongo wanga? Perekani theka, zinazo mugulire ana zakudya. Zotsalazo zigone."

"Zagona mokwanira," anayankha amayi. "Werengani, mundipatse makhadi anga."

Loweruka lole inadutsa. Ndinaimva ndili pansi pa bedi, ndipo sinaime.

Mwezi umenewo tinamweta mpunga wonse n'kuugulitsa, osasiya ngakhale wa mbewu. Njinga ya bambo inapita, mbuzi imodzi yokha imene tinali nayo inapitanso. Pa tsiku lomaliza amayi anakaika zonse m'manja mwa a Bwanali. Anawerenga pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, n'kung'amba khadi limene analembapo ndalama zija. Kenaka amayi anawapatsa lamba uja wa a Zilibwino. A Bwanali anadula ulusi ndi lumo, n'kundipatsa ine makhadiwo.

"Awa ng'amba wekha."

Katoni inali yolimba, koma ndinang'amba limodzilimodzi. Kweee! Phokoso lomwe lija ndinkalithawa.

Chaka chimenecho tinavutika, ndisaname. Tiyi anatha, ndiwo zinali chigwada tsiku ndi tsiku, mbewu ya mpunga tinachita kupempha kwa amalume. Koma usipa wochepa umene unkapezeka tinkagawana tonse, ine ndili pakati pa ang'ono anga.

Mdzukulu wanga amene akundilembera mawuwa, poti ine cholembera sindichidziwa, amagwira ntchito m'tauni. Tsiku lina anandionetsa makhadi apulasitiki. Akuti masiku ano alipo ena ogulira zinthu pangongole, ndipo ali mitundu iwiri. Lina, mwezi ukatha ulipire zonse, apo ayi akulipiritsa chindapusa n'kulitseka. Lina ndi lokoma mtima, umangopereka kangachepe, zotsalazo n'kumagona zikubereka. Iye ankafuna lachiwirili, akuti silipanikiza munthu.

Ndinamuuza kuti anthu awiriwo ndikuwadziwa, ndinakumana nawo iye asanabadwe. Ndili mwana ndinkaopa amene sankaseka, n'kumakonda amene ankandipatsa switi. Tsopano ndikudziwa kuti a Bwanali ankatiopseza tsiku limodzi pamwezi, masiku ena onsewo tinkagona tulo. A Zilibwino sanatikalipirepo ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene anabwera kudzandifinya mkono.

Ndiye ndinamufunsa mdzukulu wangayo funso limodzi lokha, ndipo mpaka lero sanandiyankhe: khadi lako lokoma mtimalo, amaling'amba liti?