Fingoe Yense M'chitini cha Bolasha

Ine ndi amene ndinadziwitsa dziko lonse lapansi kuti ku Mozambiki kuli anthu. Sindikunena monyada ayi, pakuti mbiri ikafuna munthu simufunsa ngati wasamba. Zoona, dziko lonse lapansi limene ndikunenali linali anthu oti akhoza kukwana m'kamiyau imodzi, galimoto ya katundu ija, n'kutsalanso malo a mbuzi, ndipo chida chimene ndinagwirira ntchito yaikuluyi chinali chitini cha bolasha, kapena kuti mabisiketi. Komabe ntchito ndi ntchito.

Ndinali nditangobwerako ku Tete, kusukulu ya aprofesori, ndiye kuti aphunzitsi, kumene ine ndi masamu tinasudzulana mwamtendere popanda mwana. Amayi ataona kuti ndikudya ngati munthu wa dipuloma pamene dipulomayo ndilibe, anakadandaula kwa alongo awo. Malume ananditengera kuseri kwa msika wa Fingoe, kwa a Fulujensio, mkulu wojambula mafoto amene aliyense ankangowatchula kuti a Mesitiri.

"Amadziwa chiyani mnyamatayu?" anafunsa a Mesitiri, akundiyang'ana ngati nkhuku yotsatsa.

"Kungoima chabe," anatero malume.

"Ndiye ntchito yake imeneyo. Ubwere mawa, Profesori."

Kale a Mesitiri ankathandiza mzungu wina wa mafoto ku Tete. Atsamunda akadali kulamula, mzunguyo ananyamuka, lenti, diso lagalasi la makina lija, ataiika m'thumba la malaya, bokosi lokha n'kulisiya. A Mesitiri sanalire. Anadula kachidutswa ka chitini cha mowa, n'kukapala ndi mchenga mpaka kupyapyala ngati tsamba, n'kukaboola ndi nsonga ya singano, nsonga yokha osati singano yonse. Kabowo kameneko ndiko kanalowa m'malo mwa lenti. Atazolowera anaona kuti ngakhale bokosilo n'losafunika. Chitini chilichonse chotseka bwino chimajambula, malinga uchidetse m'kati ndi mwaye, uike pepala la foto moyang'anana ndi kabowo, kunja uphimbe ndi fita yakuda, tepi yomata ija, mpaka nthawi itakwana.

Vuto la kabowo ndi ulesi. Kuwala kumalowamo mmene inkayendera bisha, mzera wa ogula shuga ku kooperativa, choncho wojambulidwa ayenera kukhala duu ngati chitsa. Ntchito yanga inali kumuika phanda la mtengo kuseri kwa khosi, kumuingitsira ntchentche, ndi kumuuza mwaulemu kuti asapume monyanyira. Wotchi tinalibe. A Mesitiri ankayesa nthawi ndi pemphero la pachakudya, lonena chamumtima: kamodzi dzuwa likaswa mtengo, kangapo kukachita mitambo. Ankati m'zaka zimenezo pempherolo linalibenso ntchito ina, ndiye kuli bwino lisachite dzimbiri.

Tikatha tinkalowa m'kachipinda kotchinga ndi mabulangete. Kuwala kunkalowera pa kaboo ka pakhoma komwe tinamatapo galasi lofiira la kumbuyo kwa kamiyau, chifukwa pepala la foto siliopa kufiira. Pansi panali mbale zitatu: ya revelado, mankhwala otulutsa chithunzi, ya madzi a vinagiri, oimitsa, ndi ya fikisado, okhazikitsa kuti chisafufutike. Chotuluka choyamba chimakhala chotembenuka, choyera chida, chakuda chiyera. Kuti munthu abwerere mmene Mulungu anamulengera, umachigoneka chafufumimba pa pepala lina latsopano, n'kupanikiza ndi galasi, n'kuonetsa kuwala pang'ono. Ndiye kuti foto iliyonse imadya mapepala awiri. Mafoto a pa bilyeti, chitupa chija, a anthu ambiri a ku Chiputo ndi Malowera anatuluka choncho, ndipo n'chifukwa chake onse amaoneka ngati akumva uthenga wa maliro.

Tsono a Mesitiri anali ndi abale amene sanawaonepo. Padiri wina, asanabwerere kwawo, anawalowetsa m'gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana ojambula ndi kabowo. Chondidabwitsa chinali chakuti enawo ankachita mofuna. Wa ku Japau anali dokotala wa mano, mwini makina enieni a lenti, koma Lamulungu likafika ankawatsekera m'kabati n'kutenga chitini. Umphawi umene ife tinkauthawa, anzathu ankaupangira nthawi. M'gulumo munthu sankatchulidwa dzina, ankatchulidwa dziko lake: Japau walemba, Polonia wadwala chifuwa, Shile akuti moni. Zaka zonse za atsamunda a Mesitiri ankatchulidwa Portugal Wachiwiri, ndipo dzinalo linkawawawa ngati nsapato ya mnzako. Mbendera itasintha analemba kalata yaukali ndi yaulemu, ndipo kuyambira pamenepo anakhala Mozambiki. Akafuna madzi osamba ankandiuza kuti Mozambiki akufuna madzi osamba.

Lamulo la gululo linali limodzi. Chaka chilichonse aliyense atumize chithunzi cha kwawo kwa membala mmodzi, Japau uja, amene amachulukitsa zonse n'kugawira onse. Wolephera ankachotsedwa pa mndandanda. Ine ndisanafike a Mesitiri anajambula msika wa Fingoe tsiku lodzaza, osaganizira kuti kabowo sikaona chinthu choyenda. Chithunzi chinatuluka chokongola: mabenchi, mitengo, madengu, popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Kunjako anali atamva za nkhondo yathu pa wailesi. Polonia analemba kalata ya chipepeso. Anati akulira nafe, ndipo anafunsa mwaulemu ngati a Mesitiri atsala okha.

Nkhaniyi inawadya mtima mkuluyo kuposa njala. Ndipo chaka chotsatira mapepala anatitheratu, pakuti makamiyau a ku Tete ankabwera mwa apo ndi apo, moperekezedwa ndi asilikali, ndipo pepala la foto silinali pa katundu wofunika. Japau atamva anatitumizira mapepala atatu, lililonse m'kathumba kake kakuda. Panjira anthu ena akhama anatsegula awiri pa dzuwa kuti aone chinsinsi, osapezamo kanthu. Pepala lachitatu analitopera. Tinatsala ndi pepala limodzi, ndipo mutu wa chaka chimenecho unali wakuti "anthu a kwathu".

"Profesori," anatero a Mesitiri, "munthu mmodzi pa phanda adzati ndi yemwe uja wotsala yekha. Ndikufuna gulu. Ungaimitse bwanji msika wonse?"

Apa m'pamene maphunziro anga a theka anagwira ntchito, chifukwa munthu wosowa chochita amaona zinthu. Masiku amenewo m'mawa uliwonse ku administrasau, ofesi ya Boma, ankakweza mbendera poliza apito, kherere uja. Apito ikalira, aliyense ankaima pomwe wapezeka, wamtolo ndi mtolo wake, wanjinga ndi njinga yake, amuna zipewa pachifuwa, mpaka ana asukulu atamaliza nyimbo ya dziko. Wosuntha ankakalima udzu kuseri kwa ofesi. Boma linkatigwirira kale ntchito ya phanda, ife osadziwa.

Panali zopinga ziwiri. Kujambula moyang'ana ku administrasau nthawi ya nkhondo kunali kudziitanira dzina la kazitape. Ndiponso ine ndemwe ndinayenera kuima njo, ndiye fita akanamata ndi kumatula ndani? Yankho linali chipewa. M'mawa wake ndinaika chitini pa kakhoma ka khonde la loja, sitolo yakale, kabowo kataloza kumsika, mwala pamwamba, ndipo m'malo mwa fita ndinachiveka chipewa changa. Ndinaima pambali ngati mlonda wa Boma.

Apito inalira. Fingoe yense anauma. Ndinachotsa chipewa pa chitini n'kuchigwira pachifuwa, monga nzika yabwino. Sindinakondepo dziko langa ngati m'mawa umenewo, ndipo sindinapempherepo kuti ana asukulu aimbe pang'onopang'ono ngati tsiku limenelo.

Nyimbo ili pakati ndinaona Zakeyu akundiyang'ana. Zakeyu tinkaweta naye mbuzi tili ana, koma atalowa umilisiya n'kupatsidwa mfuti anasanduka Kamarada Zakeyu, ndipo sankaseka nthawi ya ntchito. Maso ake anachoka pa ine n'kutera pa chitini. Masiku amenewo chitini chosiyidwa pamalo pa anthu sichinali choseketsa, pakuti chinkatha kukhala bomba. Anayamba kuyenda, mwakachetechete, kuchokera ku mlongoti wa mbendera kudutsa pakati pa anthu oumawo, ndipo anafika nyimbo ikutha.

"Usachikhudze!" anakuwa, mfuti ili m'manja.

Anthu anali atayamba kusuntha, ndipo kabowo kanali kakadali kotsegula. Sindinachikhudze. Ndinangotambasula zala, chipewa n'kugwera chokha pamalo pake.

"Muli chiyani umu, Profesori?"

"Anthu, Kamarada."

"Anthu angati?"

"Onse."

"Tsegula."

"Ndikatsegula pano atha onse."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha choncho, koma zinali zoona. Msika unabalalika ngati nkhanga. Mayi wina anasiya nkhuku, koma mwana wake anamukumbukira. Zakeyu anakoka chitsulo cha mfuti. A Mesitiri, amene ankaonerera ali pansi pa mtengo, anabwera osafulumira, manja ali kumbuyo.

"Mwana wanga," anatero, "chimenecho chimatsegulidwa mumdima. Tiye nafe, ndi mfuti yako yomwe. Ukapezamo choipa utimange tonse awiri, uyambe ndi uyu."

Tinayenda ngati ulendo wa nsembe, ine patsogolo chitini chili m'manja, mfuti pamsana panga, a Mesitiri pambuyo akupatsa anthu moni. M'kachipinda muja simunkakwana anthu atatu ndi mfuti, choncho mfutiyo inaima pakona ngati mlendo. Maso atazolowera kufiira a Mesitiri anatsegula chitini, n'kutulutsa pepala loyera lopanda kanthu.

"Anthu aja ali kuti?" anafunsa Zakeyu.

"Akubwera. Khala chete, amachita manyazi."

Analimiza m'revelado n'kuyamba kugwedeza mbale. Kwa kanthawi panalibe chilichonse, ndipo ndinayamba kuganiza za udzu wa kuseri kwa ofesi. Kenaka thambo linada, madenga anatuluka, ndipo pansi pake anthu anayamba kumera mmodzimmodzi: wamtolo, wanjinga, amayi a madengu, mpaka mzera wa ana kutali uko. A Mesitiri anaiwala mbale m'manja, moti madzi ankatayikira pa mapazi anga.

Zakeyu anawerama. "Iii! Mwatisandutsa azungu? Nkhondo yonse ija?"

"N'chotembenuka ichi. Pepala lobwezera tilibe. Akakubwezerani khungu lanu ndi Japau."

"Japau ndani?"

"Mnzanga. Amazula mano."

Zakeyu anaganiza kaye, n'kuona kuti nkhaniyo ndi yaikulu kuposa udindo wake. Anayamba kudzifunafuna ndi chala, a Mesitiri akumumenya dzanja kuti asakhudze. Pa mlongoti panalibe munthu. Panali kautsi chabe, kochokera pamenepo kudutsa pakati pa msika mpaka m'mphepete mwa pepala.

"Nanga ine ndili pati?"

"Unkayenda," anatero a Mesitiri.

Zakeyu anali atamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, pepalalo linali mboni yakuti mu Fingoe yense munthu mmodzi yekha ndiye anasuntha pa nthawi ya mbendera. Akanatha kuling'amba, ndipo ndinaona dzanja lake likuganiza zimenezo. Chachiwiri, chithunzi cha anthu a kwathu chinali kupita kutsidya kwa nyanja iye mulibe.

"Amayi anga alimo?" anafunsa ndi mawu a nthawi ya mbuzi ija.

A Mesitiri analoza ndi kamtengo kotembenuzira pepala. Analimo, cha kumanzere, beseni la masau lili pamutu, ataima mowongoka kuposa asilikali. Zakeyu anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka a Mesitiri anamusuntha kuti pepala lilowe m'fikisado.

"Tumizani," anatero potsiriza, akunyamula mfuti. "Koma kumbuyoko mulembe kuti utsiwo ndi chitetezo."

Tinalemba. Patapita miyezi envelopi inafika, ndipo Japau anali atasunga pangano: tonse tinali akuda bwinobwino. Polonia anapepesa chifukwa cha chipepeso chake, n'kufunsa dzina la zipatso za m'beseni. Shile sanafunse mmene tinaimitsira anthu ochuluka choncho. Anangolemba kuti kwawonso amaima chimodzimodzi. Pa mndandanda dzina la Mozambiki linalipo, ndipo a Mesitiri analiwerenga mokweza ngati kuti alilemba molakwika. Chithunzicho tinachikhoma pakhomo, ndipo anthu ankabwera kudzadziloza, ena kudzakana kuti si iwo. Nkhondo itakula n'kutibalalitsira ku Zambia, a Mesitiri anasiya mbale ndi mabulangete, koma chithunzicho anachinyamula m'kati mwa malaya.

Ntchito ndagwira zambiri kuchokera pamenepo, zina za ndalama ndithu, koma mwambo umene ndinatenga kwa mkulu uja ndi umodzi: munthu akakukuwira kuti tsegula, usatsegulire pa dzuwa. Umuitanire m'chipinda aone nawe.

Zakeyu sakanabwerera ku ofesi chimanjamanja msika wonse utamuona akundiperekeza ndi mfuti, choncho mlandu unayenera kupezeka. Anandipeza wolakwa pa kuveka chitini chipewa pamalo a Boma. Ndinalipira mametikali asanu.