Dzina Linatsala Tsidya

Nkhani ya munthu amene anawolotsa makolo athu nyanja ya Chilwa ine ndimaidziwa kuyambira pakati. Mmene anafera ndimadziwa. Mmene anabadwira sindidziwa, dzina lake sindilidziwa, ndipo wolakwa ndine. Ndanenapo poyambirira kuti munthu asadzandifunsenso.

Ife makolo athu anachokera tsidya, ku Mozambiki. Anathawa zikwapu ndi ntchito yokakamiza. Panali munthu mmodzi amene anawatsogolera, ndiye nkhani yake inali m'manja mwa atsibweni anga, achimwene awo a mayi anga. Iwonso anailandira kwa atsibweni awo. Imayenda choncho, kwa mwana wa mlongo. Ndiye mwana wa mlongo woyamba ndinali ine.

Musaganize kuti ndi nthano yonena mutakhala pakhonde. Iyayi. Imanenedwa m'bwato basi. Chilwa si nyanja yakuya, ife timakankha bwato ndi nsungwi yaitali. Wokankhayo akazika nsungwi m'matope amanena mawu ake, akamazula nsungwi wokhala kutsogolo amayankha kuti, "Tili pambuyo!" Akazikanso, mawu ena. Ukapanda kuyankha, iye amangoti zii. Komanso siinenedwa popita, imanenedwa pobwerera, bwato likaloza kumudzi, chifukwa umo ndi mmene munthu uja anayendera. Malo aliwonse ali ndi mawu ake. Sungatenge mawu a pa Chisi n'kukawanenera padoko.

Vuto lake linali lakuti ife sitinkafika tsidya. Tinkaphera matemba ndi makumba kuseri kwa chilumba cha Chisi, pomwe panali zimbowera, timakumbi tija asodzi amamanga pamwamba pa njedza, udzu wautali wa m'madzi uja. Ndiye pobwerera atsibweni ankayambira pamenepo. Zaka zambirimbiri ndinamva zomwezo mpaka zinalowa m'mafupa. Mmene anabisira anthu mu njedza masiku atatu, madzi ali m'khosi, asilikali akudutsa pafupi, iye atatseka pakamwa pa khanda ndi chala chake mpaka chala chinatupa. Mmene mvuu inadzukira pansi pa bwato la azimayi pafupi ndi Chisi, iye n'kuikwera pamsana n'kuithyolera nsungwi m'kamwa. Mmene mphepo inagwetsera m'madzi kansalu ka mbewu ya kalongonda, iye n'kumira kasanu, kachisanu ndi chimodzi n'kutuluka atakaluma ndi mano. Ndiye pomaliza padoko, ataima m'madzi atagwira bwato kuti anthu atsike, mmodzimmodzi, mpaka nkhalamba yomaliza. Atamuitana kuti bwera kumtunda, anapeza anafa kale, ali chiimire, manja ali pa bwato.

M'zigawo zonsezi satchulidwa dzina. Amangoti wamtali uja, wa nsungwi uja. Dzina limatchulidwa kamodzi kokha, koyambirira, tsidya, pomwe bwato limachoka pamtunda.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Atsibweni, nanga dzina lake ndani?"

"Ndiwolotse ukalimve."

"Tangonenani pompano, tili awiri."

"Iwe, ukuyesa ndi dzina la mbuzi? Lili tsidya. Tiye mawa."

Sitinapite mawa lake. Ndinali nditapeza kamunda ka mpunga ku Likangala. Ulendo wa tsidya ndi tsiku lathunthu kupita, lina kubwera, wopanda nsomba imodzi. Ndinati tikaokera mpunga. Titaokera ndinati ndipirikitse kaye mbalame. Titakolola ndinati ndikagulitse kaye ku Songani. Chaka chinatha, china chinatha. Iwo ankangondiseka.

"Mphwanga, mpunga wako uja wakuuza dzina?"

"Tipita, atsibweni."

"Eee, tipita. Iwe udzandiwolotsa ndili m'bokosi."

Ine ndinkaseka nawo. Chitsiru. Munthu akukuuza poyera kuti ndikukalamba, iwe mano pamtunda.

Kenako mvula inavuta zaka zotsatizana, nyanja inayamba kuthawa. Doko linakhala fumbi. Mabwato anagona chammbali ngati ng'ombe zakufa. Anthu anayamba kupita ku Chisi pa njinga, ena amalonda ankadutsa mpaka tsidya. Nthawi imeneyo atsibweni miyendo inali itayamba kutupa, ndipo ankatsokomola. Apo m'pamene mantha anandigwira. Koma ndinadziona wochenjera. Ndinati nyanja yandithandiza, ulendo wa nsungwi tiyenda pa njinga.

Ndinamanga pilo pa kaliyala, botolo la madzi, chinangwa chophika. Nsungwi yawo yakale ija ndinaimanga m'mbali mwa njinga. Nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Pa njinga?"

"Pa njinga. Tikafika tsidya mukanena."

"Nanga madzi?"

"Madzi alibe ntchito, mawu ali m'mutu mwanu."

Sanatsutse. Anangovala chipewa n'kukwera.

Tinanyamuka dzuwa lisanatenthe. Pansi panali pong'ambikang'ambika, ming'alu yake yolowa phazi. Malo ena matope anali ofewa, ndinkatsika n'kukankha njinga iwo ali pomwepo. Tinadutsa Chisi. Tinadutsa pamene panali zimbowera, patangotsala mitengo yoonda. Iwo ankaloza ndi mlomo. "Apa ndi pa khanda paja." Ine ndinkangoti eya, thukuta lili m'maso. Kuyambira pamenepo malo onse anali achilendo kwa ine.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anazindikira malo ake ndi mitengo ya migwalangwa ndi phiri linalake. Anati ndi pano. Ndinawatsitsa, ndinamasula nsungwi, ndinawapatsa. Anatembenuka kuloza kwathu. Ine ndinakhala pansi kutsogolo kwawo ngati ndili m'bwato.

Anakweza nsungwi n'kuimenya pansi. Inangoti gwa! Anatsegula pakamwa, palibe chinatuluka. Anayesanso. Gwa!

"Siikulowa," anatero.

"Ingonenani, atsibweni."

"Ndikuti siikulowa. Mawu amabwera nsungwi ikamamira. Ndiye iwe umayankha ikamatuluka. Nanga apa ituluka kuti?"

Ndinathira madzi a m'botolo pansi, onse. Nthaka inamwa ngati sindinathirepo kanthu. Ndinakumba ndi manja kufuna matope, zikhadabo zinathyoka. Anayesa kachitatu. Ananena mawu awiri m'Chilomwe, ine ndinakuwa, "Tili pambuyo!" Anaima. Anabwereza mawu awiri omwe aja. Anaimanso.

Apa ndinapsa mtima. Ndinawalankhula mmene munthu salankhulira atsibweni ake. Ndinati ndakupalasani tsiku lonse, msana wathyoka, siyani zonsezo, ndipatseni dzina lokha basi tizipita.

Ine ndinkayesa akukana mwadala, mwa ukalamba. Sanali kukana. Ndinawaona m'maso. Ankalifuna dzinalo, milomo ikugwedera, ngati munthu wopapasa m'thumba lobooka. Chigawo chimenecho anali atachinena komaliza ine ndisanamere ndevu. Sanachiloweze ngati mmene tinkalowezera ku sukulu. Chinali m'manja, m'mapewa, mu kugwedera kwa bwato. Ine ndinawachotsera zonsezo n'kuwaimika pa fumbi.

"Limabwera pambuyo pa mawu a amayi ake," anatero. "Amayi ake amamuitana. Madzi akadzabwera tidzabwerenso, lidzatuluka lokha."

Tinagona kwa asodzi ena kumeneko. M'mawa tinabwerera. Njira yonse ankangondigwira malaya.

Madzi anabwera, inde. Atsibweni anali atatisiya kale, miyezi inayi mvula isanagwe. Ndinafunsa mayi anga, anati za m'bwato akazi sankazimva. Ndinayenda kwa nkhalamba zina za mtundu wathu, aliyense ali ndi wake amene anawolotsa a kwawo. Wathuyo palibe womudziwa.

Tsopano chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Chaka chatha kunabwera anthu a komiti yokonza tsiku la chikhalidwe. Anamva kuti ndimadziwa nkhani yakale. Akuti ndikaime pa nsanja ndi maikolofoni, mphindi khumi, ndivale nsalu. Ndinawauza kuti imafuna bwato, komanso mutu wake ndilibe. Mmodzi wa iwo, wa taye, anaseka.

"Aaa bambo, ingopekani dzina lililonse la Chilomwe. Adziwe ndani?"

"Ndidziwa ine."

"Koma zonsezi n'zopeka kale, mvuu kukwera pamsana?"

Ndinamuuza kuti atuluke pabwalo panga njinga yake ndisanaiponye mu ngalande. Munthu anafa chiimire atagwira bwato kuti ife tikhale kuno, ndiye ine ndimupatse dzina lotola? Ndinalitaya ndekha, chabwino. Koma sindiikapo labodza.

Mwana wa mlongo wanga ndi bambo wa ana atatu tsopano, amapalasa kabaza ku Songani. Nditamuuza za tsidya anati akamaliza kumanga nyumba. Ndinamuyankha kuti Loweruka lomweli, apo ayi asadzanditchulenso atsibweni. Anabwera ali chikwiyire.

Tinawoloka ndi bwato. M'mawa mwake tinatembenuka pa migwalangwa paja, iye kutsogolo, ine ndi nsungwi ya atsibweni. Ndinazika, inamira bwinobwino mpaka pakati. Ndinanena mawu awiri aja. Iye anati, "Tili pambuyo!" Kenako ndinangokankha osanena kanthu.

"Nanga mwasiyiranji?"

"Apa ndilibe. Khala chete, uzimva kutalika kwake."

Tinayenda choncho mpaka dzuwa linafika pamutu, nsungwi yokha ndi madzi. Titafika pa zimbowera zatsopano ndinayamba za khanda lija, iye n'kumayankha.