Gawo la Amayi mu Laputopu ya Malemu

Achimwene anga atamwalira, katundu wawo tinagawana titameta, monga mwa mwambo. Malaya anapita kwa amalume, njinga inatsala ndi mlamu wanga, mkazi wawo. Laputopu anandipatsa ine, poti pabanja pathu mphunzitsi ndine ndekha. Ndinailandira ndi manja awiri, sindinama. Ndinali nditatopa ndi kukataipitsa mayeso a ana asukulu ku Nsanje boma.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Tsiku loyamba lomwe ndinalemba mafunso a masamu masamba atatu, koma pofuna kusunga, makina anakana: malo atha. Kamzere kosonyeza malo kanali psuu, kodzaza mpaka kumapeto. Achimwene anali kalaliki ku esiteti ya nzimbe, munthu waudongo pa zovala, koma mu laputopu munali ngati m'nkhokwe ya munthu wosataya chitsononkho. Mafilimu a karate, mpira, nyimbo za kwaya, zithunzi za mbuzi zawo za ku Chapananga. Mbuzi imodzimodziyo kuijambula kakhumi! Ndinawadzudzula mumtima ngati akadali moyo.

Loweruka ndinapita kumudzi, ndipo pocheza ndinauza amayi kuti ndikufuna kufufuta zonse. Nthawi imeneyo maso awo anali atachita ng'ala, munthu ankamuzindikira ndi mawu. Anasiya kutongola chimanga.

"Zinthu za malemu sititaya, iwe. Timagawa."

"Amayi, izitu si zinthu zogwirika. Karate ndimugawire ndani?"

"Ngati zadzaza malo ndiye kuti ndi katundu. Itana abale."

Ine ndine wa mtima wapachala, koma kutsutsana ndi amayi kunali kungotaya malovu. Ndinaitana abale.

Loweruka linalo tinakhala pansi pa mtengo wa masau, laputopu nditaitchajiratu pa sola ya kusukulu. Dzuwa linali lija la kuchigwa kuno, loti ngakhale nkhuku zimayasama. Aliyense anabwera ndi foni kapena memori khadi yokulunga m'kapepala. Amalume ndiwo anatsogolera, ndendende mmene anachitira pa tsiku la zovala. Ine ndinkatsegula foda n'kunena zili m'menemo, iwo n'kufunsa kuti, "Izi za ndani?"

Nyimbo za kwaya anatenga okha. Zithunzi za ukwati ndi za ana zinapita kwa mlamu, amene anangoona ziwiri n'kuyang'ana kumbali. Mafilimu anagwera msuweni wathu wa kanyumba koonetsera vidiyo pamsika. Anayesetsa kuonetsa nkhope ya maliro, koma mano ankatuluka okha. Mbuzi nazo zinapeza mwini, mphwawo wa amalume amene akuziweta tsopano. Chilichonse ndikakopera mwini wake, ndinkachifufuta, kamzere kaja n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Amayi anali chikhalire pamphasa, manja ali pamiyendo. Foni analibe, ndipo chithunzi chikanawathandiza chiyani? Sanadandaule, koma ine zinandipweteka. Oitanitsa kugawanako anali iwo, wobereka malemuyo anali iwo, ndipo ndi iwo okha amene ankachoka chimanjamanja.

Foda zinatha, koma kamzere kanali kasanatsike mmene ndinkafunira. Ndinasanja zotsala kuyambira chachikulu, ndipo pamwamba panabwera vidiyo imodzi yopanda dzina, yodya malo kuposa filimu. Nditaitsegula munali bii, mdima wokhawokha.

"Izi ndi zija foni imajambula yokha ili m'thumba," ndinatero. "Palibe chooneka. Ndikufufuta."

Chala chinali chitafika kale pa batani pamene amayi anati, "Taima. Takweza mawu."

Ndinakweza. Kunamveka tcheni cha njinga, kweche kweche, ndi munthu akupuma mwabefu. Kenaka likhweru, nyimbo ya kwaya yoimbidwa mokhota monga ankaikhotetsera achimwene masiku onse. Anapatsana moni m'Chisena ndi munthu wina panjira, analiza belu, anakalipira galu. Tonse tinamvetsera ulendo wonsewo osayang'anana. Potsiriza njinga inamveka ikutsamizidwa kukhoma.

"Odi kuno! Amayi, mulipo?" anamveka mawu a achimwene m'makinamo.

"Lowa, mwanangu," anayankha amayi pamphasa paja. Asanatseke pakamwa, mawu awo a m'makina anayankhanso chimodzimodzi.

Amalume sanafunse kuti ichi ndi cha ndani. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo. Ine manyazi anandigwira, chala chija ndinachibisa m'chitenje.

"Changa n'chimenechi," anatero amayi. "Undisungire momwemo."

Mpaka lero vidiyoyo ili momwemo, ndipo malo ikudyabe. Laputopuyo njakale, sichedwa kudzaza, choncho teremu ikatha ndimafufuta mayeso anga omwe kuti ena akwane. Nthawi zina ndimang'ung'udza, poti ndi chibadwa changa, koma foda ija sindiikhudza.

Ndikamapita kumudzi ndimainyamula m'chikwama. Ulendo wa achimwene m'vidiyomo ndi wa pafupifupi theka la ola, ndipo batire ndi lotopa. Tsiku lina ndinati ndidumphitse, tingomva pa odi paja. Amayi anandigwira dzanja.

"Asa, usawathamangitse achimwene ako. Njira ija njaitali. Asiye afike okha."