Matailosi a m'galimoto ya apongozi

Ine ndine mmisiri wa matailosi. Ndawaika m'mabafa ambiri mu Mzuzu muno, ndipo sindinamvepo mwini nyumba akudandaula kuti lina lagwa. Amene anagwa ndi a m'galimoto ya apongozi anga, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi ndimasowa poyang'ana.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatira Mtumbuka. Makolo ake amakhala ku Nkhorongo. Apongozi aamuna anali dalaivala wa malole a matabwa mpaka anapuma. Apongozi aakazi anali mphunzitsi, mayi waukhondo wosavala diresi yosasita. Kenako anadwala sitiroko, mbali yakumanzere yonse n'kufa. Nzeru ndi pakamwa zinatsala bwinobwino, koma kuti asambe ankafunika wowagwira.

Abale kwawo ku Hewe anakonza zovundukula chiliza cha malemu mayi awo. Koma apongozi aakaziwo anakana kupita. Anauza mkazi wanga kuti bafa la kumudzi n'laudzu, lili kuseri kwa khola, ndipo sangalole kuti anthu amene iwo anawaphunzitsa kuwerenga awaone akunyamulidwa ngati thumba la chimanga kupita kosamba. Vuto linali lomwelo basi, kusamba popanda maso a anthu.

Apongozi aamuna sanakangane nawo. Anagula ambulansi yakale yomwe inali itaima zaka, n'kuyamba kuisandutsa nyumba yoyenda. Anaikamo bedi, pamwamba thanki ya madzi, kumbuyo n'kusiyako kakona kokwana mpando wapulasitiki. Ndiye anandiitana.

"Akweni," ndi mmene Atumbuka amaitanira mkamwini, "apa pakhale bafa la amama ŵinu. Ntchito yanu iyi."

Ndinamva kukoma, ndisaname. Pa akamwini atatu a pakhomopo, wina amagwira ku banki, wina kuchipatala. Wa simenti m'zikhadabo ndinali ine ndekha, ndipo aka kanali koyamba kuti andifune pa chinthu choti enawo sangathe.

Galimotoyo inali pa galaji ina ku Mzilawaingwe, kwa mdala wina Myao wowongola minibasi, yemwe anawotcherera bedi lija. Anandipeza ndikuyeza.

"Achimwene, m'khomamo muikamo chiyani?"

"Matailosi, oyera a maluwa abuluu."

Anavula kofia yake, n'kukanda kumutu. "Nyumba imakhala, galimoto imavina. Ikani lata la aluminiyamu, mubaye mariveti, m'mphepete mumate silikoni. Lata likagwedezeka limabwerera. Tailosi silidziwa kupindika."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndimadzidziwa. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzamuphunzitsa kuwotcherera, ndiye asandiphunzitse mabafa. Apongozi anga, mphunzitsi wathunthu, asambire m'malata ngati ali m'khola la nkhuku? Mdalayo anangoti, "Chabwino, achimwene," n'kubwerera pansi pa minibasi yake.

Ndinakhoma thabwa la pulayiwudi, n'kumata matailosi anga mzere ndi mzere, m'mipata n'kuthira simenti yoyera. Linakongola bafalo, zoona. Tinakankha apongozi aakazi pa njinga yawo ya olumala kuti adzaone. Anasisita maluwa aja ndi dzanja lamoyo, n'kunena mawu amene ndinkafuna kumva.

"Yewo chomene, akweni. Tsopano ndipita."

Anasambiramo kangapo pakhomo pomwepo kuti azolowere. Inali nthawi ija Mzuzu amangowaza kamvula tsiku lonse, chilichonse chonyowa osauma. Sindinaganizeko kuti madzi akulowa kuseri kwa matailosi.

Tinanyamuka anthu anayi: apongozi aamuna pa chiwongolero, ine pambali pawo, mkazi wanga kumbuyo ndi mayi ake. Pa tala zonse zinali bwino. Titalowa msewu wafumbi, galimoto inayamba kuvina monga ananenera mdala uja. Pa Bolero tinaima. Mkazi wanga ndi bambo ake anatsika kukagula nthochi, apongozi aakazi ali gone pabedi, maso otseka. Ndinanyang'ama kupita kukona kuja.

Pansi panali ufa woyera. Mng'alu unadutsa matailosi asanu, kuchokera pamwamba mpaka pafupi ndi mpando. Ndinagogoda ndi chala, n'kumva phophopho. Mmisiri aliyense amadziwa kulira kumeneko: tailosi lasiyana ndi khoma, likungodikira tsiku. Ndinafufuta ufawo ndi phazi. Kenako ndinatenga thaulo lalikulu n'kulipachika bwinobwino pamwamba pa mng'aluwo.

Apongozi aamuna atabwera anafunsa, "Vili makora kumbuyoko, akweni?"

"Zili bwino, adada."

Ndinadziuza kuti matailosiwo apirira masiku awiri, ndidzakonza mwakachetechete tikabwerera. Zoona zake n'zakuti sindinafune kuoneka wolephera pamaso pa bambo amene anandikhulupirira.

M'mawa wa tsiku la chiliza, pabwalo panadzaza. Galimoto inaima pakati penipeni, chifukwa aliyense ankafuna kuona nyumba yoyenda yokhala ndi bafa la matailosi, ndipo ine dzulo lake ndinali nditayamikiridwa mpaka khosi kuuma. Mkazi wanga anathira madzi ofunda m'thanki, n'kutseka chitseko. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango ndi azibambo.

Tinamva ngati munthu wagwetsa dengu la mbale. Kenako mawu a apongozi aakazi, osati kukuwa, kubuula chabe.

Ndinathamanga, koma pa chitseko ndinaima. Mkamwini salowa pamene apongozi aakazi akusamba, zivute zitani. Khomalo ndinamanga ndine, ndinkadziwa tailosi lililonse, koma ndinangoima panja manja ali lende. Mkazi wanga anaitana azimayi. Analowa anayi. M'katimo munali zidutswa zakuthwa paliponse, madzi akuchucha, moti panalibe poti munthu wodwala apondepo. Anawakulunga chitenje apongoziwo n'kuwatulutsa, sopo ali m'tsitsi, magazi akuyenderera paphewa. Anawanyamula kudutsa bwalo lonse, kudutsa ana asukulu awo akale omwe tsopano ali ndi imvi, mpaka ku bafa laudzu kuseri kwa khola. Azibambo tonse tinazyolika. Ine ndinadzutsa maso kamodzi, n'kuona apongozi atadziphimba kumaso ndi dzanja lija lamoyo.

Ku manda anapitabe, atamanga mpango, paphewa pali bandeji. Anaimba nawo nyimbo zonse. Apongozi aamuna ankauza aliyense kuti msewu wa ku Hewe ndi woipa, ungaswe ngakhale chitsulo. Palibe anandiloza chala, ndipo bola akananditukwana. Pamene ena ankadya, ine ndinkasesa zidutswa. Thabwa lakuseri linali lakuda, lotupa, lofewa moti chala chinkalowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titabwerera ku Mzuzu ndinapita nayo galimotoyo ku Mzilawaingwe. Ndinali nditakonzeka kusekedwa. Mdala uja anayang'ana khomalo, osanena za mawu ake aja, n'kungoti ndigwire mbali ina ya lata. Tinagwira masiku awiri. Khoma lalatalo linatuluka lotuwa, losakongola ngakhale pang'ono. Ndinalimenya ndi chibakera, linangolira n'kubwerera m'malo.

Ndinaifikitsa galimotoyo ku Nkhorongo, n'kupeza apongozi aakazi ali pakhonde, bulangete m'miyendo. Ndinanjuta chapatali monga mwa ulemu, n'kuwauza kuti bafa lakonzeka, tsopano n'lolimba, akafuna tiwakankhe akaone.

"Yewo, akweni. Ndamva kuti n'lolimba."

Anayang'ana galimotoyo.

"Pa Bolero paja sindinagone. Ndinakuonani mukupachika thaulo. Ndinati mwana wanga akudziwa ntchito yake, akanakhala kuti waona choopsa akanandiuza." Anakonza bulangete lawo. "Mukanandiuza, ndikanasamba m'beseni pabedi pomwepo, chitseko chotseka."

Ndinangoti pepani amama, mawu n'kutuluka ngati a mwana.

Sanalowemonso m'galimotomo, ndipo ku Hewe sanapitenso. Galimotoyo ikadali pakhomopo, matayala anaphwa. Ndikapita kukawaona ndimasuzumiramo. Lata lija lilibe mng'alu, lilibe dzimbiri, ndipo silinakhudzidwepo ndi dontho la madzi.